Kutengera alendo ku Wimbe kumene anajambula filimu ya Kamkwamba, pobwerera n'kudzera kumapiri a Ntchisi

Alendo akatera pa bwalo la ndege la Kamuzu, ambiri mtima umakhala uli kunyanja kapena ku Liwonde. Koma kuyambira mu 2019, pomwe filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind inatuluka pa Netflix, pamapezeka ena ofunsa njira ya ku Wimbe, kwawo kwa William Kamkwamba, mnyamata uja anapanga makina oyendera mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14. Filimuyo anaijambulira ku Kasungu komweko, m'dera lomwe nkhaniyo inachitikira. Ngati muli ndi galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, kapena mukhoza kuchita hayala, ulendo umenewu mutha kuutsogolera kuchokera mu Lilongwe muno.

Ndineneretu kuti ku Wimbe si kumapiri. Ndi chidikha cha minda ya chimanga ndi fodya, ndipo mlendo amene walipira kuti aone dziko akhoza kubwerako osakhutira. N'chifukwa chake ulendowu umakoma ukakhala wa masiku awiri: loyamba ku Kasungu, lachiwiri kuphiri ndi kunkhalango ya Ntchisi. Koma Ntchisi musamutsatse ngati malo a filimu. Kumeneko mukukaonetsa phiri basi, ndipo auzeni choncho.

Choyamba, pitani nokha musanatenge mlendo

Anthu ambiri amalumpha pano, chonsecho ulendo wonse wagona pamenepa. Malo a filimuyi si paki yokhala ndi geti ndi munthu wodula matikiti. Ndi midzi ya anthu, yokhala ndi mafumu ake, manda ake ndi minda yake, pansi pa Mfumu Yaikulu Wimbe. Ndiye pitani kaye opanda mlendo, kaya pa minibasi kaya pa kabaza, mukaonekere kwa nyakwawa ya mudzi umene mukufuna kudzaimamo. Musapite chimanjamanja. Paketi ya shuga ndi ya mchere, kapena kangachepe m'envulopu, n'zokwanira potsegula pakamwa. Mukakhala pansi, moni atatha, fotokozani momveka kuti ndinu ndani, muzibwera ndi anthu angati, kangati, ndipo mudziwo upindulapo chiyani. Mawu ake safunika kukhala ambiri: "Zikomo a Mfumu, ine ndimayendetsa alendo ku Lilongwe. Alipo amene anaonera kanema uja ndipo akufuna kudzaona kuno. Ndati ndisangolowa m'mudzi mwanu ngati mopanda eni."

Pa ulendo womwewo pezani munthu wa komweko amene azikwera nanu m'galimoto nthawi zonse mukabwera ndi alendo. Mumulipire ndalama yogwirizana, osati kumupatsa zotsala m'thumba. Iyeyo ndi amene adziwe kuti chithunzi chakuti anachijambulira pati, mlatho uti wagumuka chaka chino, komanso kuti lero kwagwa zovuta pakhomo liti. Mapu a pafoni zimenezi sazidziwa.

Za pakhomo pa banja la a Kamkwamba, ku Masitala, samalani kwambiri. Pamenepo ndi pakhomo pa anthu, amaphika, amadwala, amafuna kupuma. Njira yaulemu ndi kulembera bungwe la Moving Windmills Project, lomwe William ali m'gulu la amene analiyambitsa ndipo limagwira ntchito zachitukuko m'deralo, n'kufunsa ngati amalandira alendo, liti, ndi motani. Akakana, mwakanidwa. Musazembe n'kukaimika galimoto kuseri kwa nyumba kuti alendo ajambule mobisa.

Chachiwiri, idziweni nkhaniyo kuposa mlendo wanu

Onerani filimuyo kawiri, kachiwiriko muli ndi kope. Lembani malo ooneka: sitolo za pa Wimbe, sukulu, malo otayako zitsulo zakale, msewu wafumbi, minda. Kenaka phunzirani kusiyanitsa za m'filimu ndi zimene zinachitikadi, chifukwa mlendo wowerenga adzakufunsani.

William anabadwa mu 1987. Anasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002, njala imene Pulezidenti Bakili Muluzi anailengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko mu February 2002. Nzeru ya makina aja anaipeza m'mabuku a sayansi a mu laibulale yaing'ono ya ku Wimbe. Anagwiritsa ntchito felemu ya njinga, dayinamo, fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki amene anawawamba pamoto n'kuwaphwatalalitsa, ndi mitengo ya bulugamu. Apa pali kusiyana kumene muyenera kukudziwa: m'filimu makinawo amapopa madzi othirira mbewu, koma makina ake oyamba ankayatsa mababu ndi wailesi pakhomo, za madzi zinabwera pambuyo. Nkhani yake inamveka m'nyuzi za kuno mu 2006, mu 2007 anakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America.

Za opanga filimu, dziwani kuti Chiwetel Ejiofor ndiye anaitsogolera, ndipo iye yemweyo anasewera ngati bambo ake a William. Amene anasewera William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Lily Banda, mwana wakwathu konkuno, anasewera mlongo wake. Chichewa cha osewera akunja aja ambiri tinachiseka, ndipo palibe cholakwa kuwauza alendo anu zimenezo mwanthabwala. Amakondwa kumva zimene eni chinenero anamva.

Chachitatu, sankhani nyengo

Kuyambira May mpaka August ndiye nthawi yabwino: mvula yatha, misewu yauma, dzuwa silinayambe kuotcha. Ku Ntchisi m'miyezi ya June ndi July kumazizira zedi usiku, choncho alendo atenge majuzi. September ndi October kumayendeka ndithu koma fumbi ndi kutentha zimatopetsa, ndipo utsi wa moto wa m'tchire umabisa mapiri. December mpaka March dziko limakongola, chimanga chili biriwiri, koma walira mvula walira matope. Dothi la katondo la kumapiri likanyowa limaterera moti ngakhale Land Cruiser imayenda chammbali. Ngati ndinu woyamba kumene, nyengo imeneyi ilekeni.

Chachinayi, galimoto ndi mapepala

Galimoto ikhale yokwera bwino pansi, yokhala ndi giya yaing'ono yamphamvu ija ya 4L, monga Land Cruiser, Hilux kapena Patrol. Tigalimoto ta m'tauni tolembedwa 4WD kumbuyo koma topanda giya imeneyo n'tabwino pa M1 pokha. Kutatsala masiku awiri, makaniko aone mabuleki, mashokomzoba, malamba a injini, madzi a mu rediyeta ndi batire. Inuyo muyese nokha kulowetsa 4H (giya yokoka ndi matayala onse anayi pa liwiro wamba) ndi 4L pamalo adothi, chifukwa galimoto yokhalitsa m'tauni nthawi zina giya imeneyi imakana. Ngati ndi yakale yokhala ndi zokhoma pa matayala akutsogolo, onani kuti zikutembenuka.

Kumbuyo kukhale matayala apadera awiri, jeke ndi thabwa lochindikala loikapo jekeyo, pampu, geji yoyezera mpweya, chingwe chokokera, fosholo, khasu, chikwanje, tochi, chozimitsira moto, matirayango awiri ndi bokosi la mankhwala a chithandizo choyamba. Madzi akumwa akhale osachepera malita atatu pa munthu pa tsiku, ndi chigubu china cha galimoto.

Mafuta thirani tanki yodzadza ku Lilongwe, ndipo paliponse pamene mwapeza dizilo popanda mzere onjezerani, ngakhale tanki ili pakati. Tonse tikudziwa mmene mafuta amasowera dziko lino. Ulendo wonse, pamodzi ndi zokhotakhota za m'midzi, uwerengereni makilomita oposa 400, ndipo kumbukirani kuti giya yaing'ono imamwa kwambiri.

Mapepala: laisensi yolola kunyamula anthu olipira, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) yosatha, inshuwalansi yoteteza ndi okwera omwe, komanso chiphaso cha bizinesi yoyendetsa alendo kuchokera ku Dipatimenti ya Zokopa Alendo. Alendo akunja ayende ndi mapasipoti awo, pa malodibuloko amafunsidwa. Wina akabwera ndi drone, kandege kojambulira kopanda munthu m'kati, muuzeni kuti imafuna chilolezo cha a zandege, ndipo ku Kasungu nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa bwalo la ndege la kumeneko ndi limene boma ndi UNICEF anakhazikitsapo malo oyeserako ma drone mu 2017.

Chachisanu, mtengo

Musatchule mtengo musanawerengere. Phatikizani mafuta, hayala kapena kutha kwa galimoto yanu, malo ogona, chakudya, malipiro a munthu wa ku Wimbe ndi wa kunkhalango, cholowa kwa mfumu, ndi tsiku lanu. Pamwamba pake ikani kagawo ka zogwa mwadzidzidzi. Poti mitengo imasintha msanga, uzani alendo kuti mtengo mwawapatsawo ugwira kwa masiku owerengeka okha. Nyamulani ndalama zamapepala zing'onozing'ono, chifukwa Airtel Money ndi Mpamba zimadalira netiweki, ndipo kumapiri imabwera n'kupita.

Tsiku loyamba: M1 mpaka Wimbe

Nyamukani 6 koloko m'mawa, mudutse Kanengo malole asanachuluke. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Kasungu ndi makilomita pafupifupi 130, kudzera Lumbadzi, Mponela, Madisi ndi mlatho wa Bua. Werengerani maola awiri ndi theka, osathamanga. Pa Mponela ndi pabwino kuima, alendo awongole miyendo ndipo inu muonenso matayala. Ngati ndi nyengo ya misika ya fodya, malole onyamula mabelo opita ku Kanengo ndi ku Chinkhoma amakhala ambiri, ndipo ndi mpata wofotokozera alendo chifukwa chake fodya ndi mitengo zili pamtima pa nkhani ya m'filimu ija. Aonetseni zigafa za m'mbali mwa msewu, muwauze mitengo imene imapita pomanga zigafazo ndi poumitsa fodya.

Pa Kasungu thirani mafuta, gulani zosowa, kenaka tengani msewu wa M18 wolowera ku Nkhotakota. Dera la Mtunthama, kumene kuli Kamuzu Academy yomwe inatsegulidwa mu 1981, ndi malo abwino okumanirana ndi munthu wanu uja. Kuchokera pamenepo iye ndiye aziloza njira.

Mukasiya phula, imani. Chepetsani mpweya m'matayala kufika cha m'ma 1.8 bar, kuti galimoto isamadumphe pa timizere ta msewu wadothi ndiponso kuti alendo misana isawapweteke. M'midzi yendani pang'onopang'ono. Fumbi lanu limagwera pa ufa woyanika pamphasa ndi pa zovala za anthu, ndipo galimoto yolemba dzina la bizinesi yanu anthu saiiwala. Mukaona masamba aikidwa mopingasa pamsewu, pali maliro: zimitsani wailesi, vulani zipewa, yendani ngati munthu wapansi mpaka mutadutsa masamba achiwiri. Makamera onse akhale pansi. Ngati maliro agwa m'mudzi womwe mumapitawo, tsikani inu ndi munthu wanu mukapepese, muponye chipepeso m'mbale, ndipo zoona malo zisinthidwe. Alendo auzeni zimenezi usiku wake musananyamuke, kuti asadzaone ngati mwawabera.

Mukafika, yambani ndi kwa mfumu, kenaka muyende wapansi. Galimoto isiyeni pamthunzi. Anthu ena amakonda kuzungulira ndi alendo ali m'galimoto magalasi ali otseka, akujambula ana pawindo ngati ali ku Liwonde akuona mbawala. Zimenezo n'zonyoza, ndiponso mlendo saphunzirapo kanthu. Pa malo alionse imani pomwe kamera inaima, muonetse chithunzi cha m'filimu pa foni kapena pa tabuleti, alendo ayerekeze okha ndi zimene akuona. Zambiri zasintha: pamene panali udzu pali malata, pamene panali pululu pali nyumba. Nenani zoona. Ngati munthu wanu akukayika za malo ena, nenani kuti ndi cha kuno, osati kuloza mtengo uliwonse kuti ndi womwewo.

Kujambula munthu, pemphani kaye. Ana, pemphani kwa makolo. Kusukulu musalowe nthawi ya maphunziro popanda kugwirizana ndi a hedi pasadakhale. Masiwiti ndi ndalama zomwaza kwa ana ziletseni ndithu. Mlendo wofuna kuthandiza agule mtedza, mbatata kapena dengu pamsika, kapena apereke makope kudzera kwa a hedi pamaso pa komiti.

Nkhani ya njala igwireni mosamala. Kwa mlendo ndi gawo la filimu, koma agogo amene akhala pakhonde paja anaima pa mizere ya ku ADMARC, anadya gaga, ndipo ena anaika abale awo m'manda chaka chimenecho. Musalole mlendo kufunsa mwachindunji kuti kwanu kunafa angati. Ngati alipo wamkulu wofuna kufotokoza yekha, mugwirizane naye pasadakhale, mumasulire mawu ake mokhulupirika osakometsera, ndipo nthawi yake mumulipire.

Gule Wamkulu amaoneka m'filimuyi, ndiye alendo adzafunsa. Auzeni kuti UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, koma eni ake ndi mafumu a mzinda. Mukakumana ndi chilombo panjira, imitsani galimoto pambali, musalize hutala, musajambule, ponyani kandalama pansi ngati chaima pafupi, chipite. Tinkhalango ta mitengo ikuluikulu pakati pa minda nthawi zambiri ndi manda, ndipo kumene kwapachikidwa nsanza zofiira ndi kudambwe. Mlendo wofuna kudzithandiza asalowere kumeneko. Ofuna kuona gule, mupemphe kwa mfumu masabata angapo nthawi isanakwane.

Pofika 3 koloko masana mukhale mukunyamuka. Gonani pa Kasungu. Usiku misewu yathu imadzadza ngolo, njinga zopanda magetsi ndi anthu oyenda pansi, ndiye musayende ndi alendo mdima utagwa. Amene ali ndi tsiku lina lapadera akhoza kukagona ku Lifupa m'paki ya Kasungu, kumene mu 2022 anasamutsirako njovu 263 kuchokera ku Liwonde, koma umenewo ndi ulendo wina, musaupanikize pa masiku awiriwa.

Tsiku lachiwiri: kukwera ku Ntchisi

Bwererani pa M18, mupitirire chakum'mawa mpaka Malomo, n'kukhotera kumwera kupita pa boma la Ntchisi. Kuchokera pabomapo kupita kunkhalango ndi msewu wadothi wa zitunda ndi zitsetse, ndipo apa ndi pamene dalaivala amaonekera.

Lowetsani giya yoyenera musanayambe chitunda, osati muli pakati. Pa chitunda chachikulu chamiyala, imani pansi pake, lowetsani 4L, nyamukani ndi giya yachiwiri, phazi likhale chimodzimodzi pa moto mpaka pamwamba. Mukasintha giya pakati, galimoto imataya mphamvu n'kuyamba kukumba. Ikakanika kukwera, musayese kutembenuka pa phiripo, chifukwa galimoto ikapingasa pachitsetse ndi pomwe imagubuduka. Gwirani buleki, lowetsani rivesi, bwererani molunjika mmene munakwerera, muyambirenso.

Potsika, 4L giya yoyamba, phazi lichoke pa kilatchi. Injini ndiyo igwire galimoto. Buleki muzingoigunda pang'onopang'ono, chifukwa mukaiponderera mtunda wautali imatentha n'kusiya kugwira, ndipo fungo lake mudzalimva mochedwa. Zala zazikulu zisalowe m'kati mwa chiwongolero: tayala likagunda mwala chiwongolero chimabwerera mwamphamvu ndipo chimatha kuthyola chala.

Ngalande zokumbidwa ndi madzi zidutseni mopendeka, tayala limodzi panthawi. Zikakhala zotsata msewu, ziikeni pakati pa matayala. Pa milatho yamatabwa tsikani, yendanipo wapansi, suzumirani pansi muone mitanda, chotsani misomali yotuluka, alendo awoloke ndi miyendo, ndipo mmodzi aime kutsidya akulozereni ndi manja. Pa madzi, lowani kaye ndi ndodo. Akapitirira m'mawondo kapena akuthamanga moti akukukankhani, dikirani kapena bwererani. Mukawoloka, pondani buleki kangapo kuti iume.

Mukatitimira m'matope, chotsani phazi pa moto nthawi yomweyo. Kupitiriza kuponda kumangokwirira galimoto mpaka pamimba. Kumbani kutsogolo kwa matayala onse, chepetsaninso mpweya pang'ono, yalani nthambi ndi miyala, muyese kubwerera m'mbuyo kaye. Anyamata a m'mudzi akabwera kudzathandiza, gwirizanani mtengo asanagwire galimoto, ndipo pokoka ndi chingwe aliyense ataliketalike. Chingwecho mangani pa mbedza yake yokokera, osati pa bampala. M'chilimwe musaimike galimoto pa udzu wouma wautali, paipi ya utsi imayatsa moto, ndipo pa malo opumira onani ngati njere za udzu zatseka rediyeta.

Nkhalango ya Ntchisi ili m'manja mwa Dipatimenti ya Zankhalango, ndipo ndi imodzi mwa nkhalango zochepa zotsala m'chigawo chapakati zimene mitengo yake siyoyola masamba chaka chonse. Galimoto imathera m'mphepete, m'kati ndi wapansi. Tengani mlondola wa komweko, pa nyumba yogona alendo ya pafupi ndi nkhalangoyo amakupezerani. Muli anchima, mbalame zambiri, zilambe zokwera mitengo, ndipo nyengo ya mvula bowa ndi maluwa. Kukacha bwino, kuchokera pamalo okwera nyanja imaoneka chakum'mawa. Maola awiri kapena atatu akukwana. Nsapato zikhale zotseka, ndipo chenjezani alendo za linthumbu: akaona mzere wake adumphe, asaime pomwepo n'kumajambula.

Idyani nkhomaliro komweko, 2 koloko ikamakwana muyambe kutsika. Mukafika pa phula bwezerani mpweya m'matayala ndipo tulutsani 4H, chifukwa kuyenda nayo pa phula kumawononga magiya. Pobwerera ku Lilongwe mukhoza kutulukira pa Mponela kapena kutenga M7 yodzera chakufupi ndi Dowa n'kudzalowa M1 cha ku Lumbadzi. Funsani madalaivala a pa depoti ya Ntchisi kuti sabata imeneyo njira yabwino ndi iti.

Mukawatula alendo, imbirani munthu wanu wa ku Wimbe, mumufunse ngati pali amene wadandaula m'mudzi, ndipo zithunzi zimene alendo analonjeza kutumiza muzitsatire mpaka zifike. Lembaninso m'kope makilomita amene mwayenda, malita amene mwathira ndi malo amene msewu unavuta, kuti mtengo wa ulendo wotsatira mudzauwerengere pa manambala anuanu.